Ndinatumiza Mvuu M'malo mwa Kalata ya Mlongo Wanga

Inu owerenga, ine ndine munthu amene ndinatsekera mlongo wanga khomo la sukulu ndi chala changa chomwe. Sindinabe kanthu, sindinaledzere, ndipo mlongo wangayo ndinkamukonda, mpaka lero ndimamukonda. Ndinangomuuza kuti kalata yake yapita pamene inali isanapite. Ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena amene akudziphunzitsa okha za makompyuta monga ndinkachitira ine, ndipo sindikufuna kuti adzagwetse munthu wosalakwa m'dzenje lokumba okha.

Makolo athu anachokera kum'mawa, ku Katete. Atate anabwera ku Livingstone kudzagwira ntchito pa fakitale ya nsalu, ndipo ife ana tinabadwira m'tauni momwemo, ku Dambwa North. Fakitale itatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, atate anayamba kuswera pakhonde ndi wailesi yawo, amayi n'kumagulitsa tomato ndi anyezi ku msika wa Maramba. Ine sukulu inandikana msanga. Mayeso a giredi 9 ndinawalemba kawiri, ndipo kawiri konse anandibwezera moni womwewo. Koma kuwerenga kunali ngati matenda mwa ine. Ndinkawerenga chilichonse, kaya ndi pepala lokulungira kapenta, kaya ndi malangizo a pa botolo la mankhwala a nsikidzi. Amayi ankati ndikadzafa adzandiika ndi nyuzipepala kuti ndisakasungulumwe.

Mlongo wanga wamng'ono Tisiyenji, amene tonse timamutcha Tisi, ndiye anatenga nzeru zonse za m'banja mwathu, ine n'kundisiyira makoko. Anakhoza bwino giredi 12, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi basi, unamwino. Kuyambira ali mwana ndiye ankatsuka mabala a tonsefe pakhomo, osanyansidwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zomwezo, intaneti itangofika kumene m'tauni, ndinapeza ntchito yotaipa pa kashopu ka Ba Mweemba, mayi wachitonga wa mtima wabwino koma wa pakamwa pothwa. Tinkataipira anthu makalata ofunsira ntchito, ndiponso kuwatumizira maimelo. Tinali ndi kompyuta imodzi, layini ya foni imodzi, ndi modemu, kabokosi kamene kankalumikiza kompyuta ku foni uku kakulira ngati mphaka wopondedwa mchira.

Vuto lathu linali lakuti pulogalamu imene tinali nayo ikayamba kutumiza kalata, kompyuta yonse inkauma gwa. Sunkatha kutaipa kapena kusindikiza, unkangodikira kuti layini igwire. Ndipo layini za masiku amenewo zinali ndi mwano. Nthawi zina tinkadikira mpaka munthu wa pa benchi n'kuyamba kuwodzera, ena n'kunyamuka kumapita, Ba Mweemba akudzikupiza ndi katoni uku akutukwana kabokosi kaja m'Chitonga.

Tsiku lina ku Maramba ndinapeza mayi wogulitsa nsawawa zokazinga akung'amba masamba a buku lalikulu n'kumapanga timaphukusi. Nditasuzumira ndinaona kuti ndi buku lophunzitsa kulemba mapulogalamu. Ndinawapempha kuti tisinthane ndi mulu wa nyuzipepala zakale, iwo n'kuvomera akundiyang'ana ngati wodwala mutu. Mayiwo ankang'amba kuyambira kumbuyo, moti masamba ambiri akumapeto anali atapita kale ndi odya nsawawa.

M'buku limenelo ndinapeza mutu umene unandisowetsa tulo. Unkafotokoza kuti pulogalamu siyenera kuima n'kumadikira ntchito yochedwa. Ikhoza kuiyambitsa, n'kuisiya ikuyenda kumbuyo, iyo n'kumachita zina, ndipo ntchito ija ikatha imadzauzidwa. Ndinazimva msanga chifukwa ndinakula ndikuziona kuchigayo. Mayi akapeza mzere wautali saima pomwepo tsiku lonse. Amasiya chitini chake cha chimanga pa mzere, n'kupita kukachita zina, ndipo akamabwera amapeza ufa. Tsamba lomaliza limene linatsala linathera pakati pa chenjezo, pamene wolemba anali atangoyamba kunena kuti pamafunika kusamala ntchito ziwiri zikamagwiritsa ntchito chinthu chimodzi. Zotsatira zake wina anadyera nsawawa. Ine ndinaseka, n'kunena mumtima kuti zotsalazo ndidzazidziwa ndekha. Safunsa anadya phula.

Kwa miyezi itatu, Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, Ba Mweemba ankandibwereka makiyi ndipo ndinkakhala mu shopu ndikulemba pulogalamu yanga. Tsiku limene inagwira ntchito, ndinatumiza kalata uku ndikutaipa ina, kompyuta osauma. Ba Mweemba anawomba m'manja n'kuyamba kunditcha ba injiniya. Dzinalo linandilowa m'mutu. Ndinayamba kuyenda ndi disiki m'thumba la malaya, kakona kake katatulukira dala kuti anthu a mu minibasi aone kuti akwera ndi ndani.

Tsopano mvetserani bwino pano, inu owerenga, chifukwa m'pamene panagona tsoka lonse. Munthu akabwera ndi kalata, pulogalamu yanga inkaisunga mu fayilo, n'kulemba pa mzere zinthu ziwiri: adiresi yopitako ndi dzina la fayiloyo. Layini ikagwira, m'pamene inkatsegula fayilo n'kutumiza zimene yapezamo. Koma fayilo ine ndinaipatsa dzina limodzi lokha la anthu onse, KALATA. Kalata yatsopano ikabwera inkafufuta yakale n'kukhala pamalo pake. Ndiye kuti chigayo changa chinali ndi chitini chimodzi cha mudzi wonse. Cholakwa chachiwiri n'chakuti kalata ikangolowa pa mzere, pa sikirini pankatuluka mawu aakulu akuti YAPITA. Ndinawaika dala kuti makasitomala azinyamuka msanga ali osangalala. Poyesa pulogalamuyo sindinaone vuto, chifukwa ndinkayesa Lamlungu, layini zili zopepuka, kalata ikupita ndisanamalize kutaipa ina. Ngakhale masiku a ntchito, kwa miyezi ingapo, Mulungu anangotibisa.

Nthawi imeneyo Tisi anali atafunsira malo pa sukulu ina ya unamwino kunja kwa dziko, kudzera mwa abusa athu amene ankadziwana ndi a mishoni ya kumeneko. Panali thandizo la maphunziro onse, malo ogona ndi ulendo womwe. Yankho linabwera pa positi, ndipo linachedwa m'njira milungu yambiri. Linafika Lachinayi, lili ndi nkhani yakuti Tisi wasankhidwa, koma ayenera kuvomera malowo pofika Lachitatu la mlungu wotsatira, pa fakisi kapena pa imelo, apo ayi apatsidwa wina. Amayi anavina pabwalo ndi chitenje cha kumsika. Atate anazimitsa wailesi, chinthu chimene sankachita wamba.

Atate ankafuna fakisi. Anati fakisi imakupatsa kapepala kosonyeza kuti uthenga wafika, ndipo iwo amakhulupirira chinthu chogwirika m'manja. Ine ndinawaseka mwaulemu, n'kuwauza kuti fakisi ndi ya makedzana, ndipo n'zamanyazi kuti banja lokhala ndi injiniya m'nyumba likaime pa mzere kwa eni ake. Tisi anayang'ana atate, anayang'ana ine, n'kusankha ine.

Lachisanu m'mawa tinapita limodzi ku shopu. Inali nyengo imene alendo odzaona mathithi amachuluka m'tauni, ndipo aliyense ankafuna foni. Tisi anali atalemba kalata yake pamanja katatu mpaka itayera. Ndinaitaipa mosamala, iye ali chilili kumbuyo kwanga akundikonza masipelo. Ndinakopera adiresi kuchokera pa kalata ya sukulu ija, chilembo chimodzichimodzi, n'kudina. Pa sikirini panatuluka mawu anga aja.

"Bakulu, yayenda zoona?" anandifunsa, poti ndi mmene amanditchulira.

"Ona weka," ndinatero ndikuloza. "Ni iyo apo. Yapita."

Kabokosi kaja kanali kakulirabe, kakusaka layini. Tisi anakayang'ana pang'ono, koma ine ndinamuuza kuti limenelo ndi phokoso chabe, apite akathandize amayi kumsika. Anatenga pepala lake la pamanja, n'kulipinda, n'kutuluka akudumphadumpha ngati kamwana.

Amene anali wotsatira pa benchi anali Ba Mubita, bambo wachilozi wosema ziboliboli zogulitsa kwa alendo. Anali ndi mzungu wina kunja amene ankawaoda katundu, ndipo tsiku limenelo ankafuna kumuuza kuti mvuu zamtengo zimene anaitanitsa zatha kusemedwa, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndi kuti anene tsiku loti zitumizidwe. Kalata yawo inali yaifupi, ndipo ndinaitaipa mothamanga kuti aone ukatswiri wanga. Ndinadina, YAPITA. Patapita kanthawi layini inagwira, pulogalamu n'kutumiza makalata awiri motsatizana. Ine ndinamva kabokosi kakhala chete, n'kupita kukagula vitumbuwa.

Lolemba m'mawa Mulungu anandipatsa mwayi wokonza zinthu, ndipo ndinauseka. Pa maimelo amene anabwera panali awiri okhudza mvuu. Woyamba unali wa mzungu wa Ba Mubita, akuyamikira. Wachiwiri unali wa mizere iwiri yokha, wosainidwa ndi mayi wina wosadziwika, wonena mwaulemu kuti iwo sagula nyama zosema ndipo mwina kalatayo yasochera. Ndinausindikiza n'kuuwerenga mokweza ndi mawu a m'mphuno, shopu yonse ikuseka. Ba Mubita atabwera ndinawanyodola kuti mvuu zawo zayamba kuyenda zokha m'maiko a eni. Iwo analumbira kuti anapereka adiresi imodzi yokha, koma poti kasitomala wawo anali atayankha, sanadandaule. Pepala lija anakulungira kamvuu kena n'kuika m'chikwama. Ine, munthu wowerenga ndi botolo la mankhwala a nsikidzi lomwe, sindinawerenge mzere wapamwamba wa pepalalo kuti ndione kumene lachokera. Kunali kutatsala masiku awiri athunthu.

Kunyumba tinayamba kukonzekera. Azakhali athu amene ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Highlands anapemphako sutikesi yakale kwa abwana awo. Amayi a chigwirizano ku tchalitchi anasonkha bulangete ndi juzi, poti tinamva kuti kumeneko kumazizira. Tisi anatenga pasipoti. Atate ankauza aliyense wodutsa pamsewu, ngakhale ogulitsa makala. Madzulo aliwonse Tisi ankadzera ku shopu kufunsa ngati kwabwera uthenga wa tsiku lonyamuka, ine n'kumamuuza kuti maofesi aakulu sachita zinthu mothamanga.

Itatha milungu isanu ndi umodzi, abusa anaimba foni kumeneko. Anabwera okha kunyumba kwathu, ndipo atakhala pa mpando anayamba ndi pemphero, ife n'kudziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Anati a sukulu sanalandire kalata yovomera. Anadikira mpaka tsiku lomaliza, kenako malo anapatsa mtsikana wina. Thandizo lija nalonso linali la chaka chimenecho chokha, amene ankalipereka anali akutseka. Pomaliza abusa anawonjezera, ngati kanthu kosafunika, kuti mayi wa mu ofesi anatchula zoti kuchokera ku Livingstone anangolandira kalata yachilendo yonena za ziboliboli. Pabalaza palibe anamvetsa zimenezo kupatula ine.

M'mawa mwake ndinatsegula fayilo imene pulogalamu inkalembamo zonse zimene yatumiza. Lachisanu lija panali mizere iwiri yotsatizana, adiresi ya sukulu ndi adiresi ya mzungu wa Ba Mubita. Kukula kwa makalata awiriwo kunali kofanana ndendende, mpaka chilembo chomaliza. Kalata ya Tisi, yaitali tsamba lathunthu, sikanafanana ndi mizere ingapo ya mvuu. Pamene layini inkagwira, Ba Mubita anali atathira kale chimanga chawo m'chitini chija, cha Tisi chitakhuthulidwa. Kalata imene tinataipa limodzi sinapite kulikonse, ndipo sinatsale paliponse.

Atate anaimba mlandu layini za foni. Ba Mweemba nawo anatero. Amayi anati pali munthu wa nsanje amene wayendapo. Ine ndinakhala chete masiku asanu ndi anayi, ndikudya nawo, ndikuvomera nawo ndi mutu. Tsiku lakhumi ndinapeza Tisi kuseri kwa nyumba akuchapa, ndipo ndinakhala pa njerwa n'kumufotokozera zonse, za chitini chimodzi, za mawu a pa sikirini, za pepala la Lolemba lija limene ndinawerenga ndi mawu a m'mphuno.

Poyamba anaseka kaphwete kakang'ono. "Mvuu?" anatero. Kenako anasiya kuchapa, manja ali m'madzi, n'kundiyang'ana.

"Bakulu, ninakufunsani. Munakamba ati yapita."

Anapitiriza kufikisa malaya a atate, ndipo ndikunyamuka anati, osandiyang'ana, "Musabauze batate. Bamakudalirani."

Sindinawauze. Tinalembanso ku sukulu ija, ulendo uno pa fakisi ndi pa positi pomwe, ine ndikufotokoza kuti wolakwa ndine. Anayankha mwachifundo, koma malo analibe. Tisi anayesa sukulu za kuno kwathu zaka ziwiri zotsatizana, dzina lake osatuluka. Chaka chachitatu atate anagwa ndi sitiroko, ndipo Tisi ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala mpaka tsiku lawo lomaliza. Amenewo ndiye odwala okhawo amene anawasamalira ngati namwino. Anapita akukhulupirira kuti mwana wawo wamkazi anaphonya sukulu chifukwa cha mawaya a foni, ndi kuti mwana wawo wamwamuna ndi injiniya. Miyendo ya amayi itayamba kutupa, Tisi anatenga benchi yawo ku Maramba, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Sutikesi ya ku Highlands ija amasungiramo zitenje.

Chimene chimandiwawa kwambiri, inu owerenga, n'chakuti kukonza pulogalamu ija sikunanditengere nthawi yoposa yomwera kapu ya tiyi. Kalata iliyonse ndinaipatsa fayilo yakeyake yokhala ndi dzina lakelake. Ndinaletsa kufufuta chilichonse chisanatsimikizike kuti chafika. Mawu akuti YAPITA ndinawasuntha kuti azituluka pokhapokha kompyuta ya kutsidya itavomera kuti yalandira, ndipo isanatero pazikhala mawu akuti ILI PA MZERE. Inali mizere yochepa kwambiri. Kuchokera tsiku limenelo palibe kalata ya munthu inasocheranso mu shopu ija mpaka pamene inadzatsekedwa. Anthu amati ndizidzitonthoza nazo zimenezo, koma sizinditonthoza. Onse amene ndinawatumizira bwino makalata anali alendo, ndipo mmodzi yekhayo amene ndinamutayira anali mwana wa amayi anga.

Patapita zaka ndinapeza buku lina lathunthu, ndipo ndinathamangira mutu womwe uja. Zonse zinali momwemo, masamba atatu okha kupitirira pamene buku langa linathera.

Choncho inu amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu oyendetsa ntchito zingapo nthawi imodzi, kaya ndi zotumiza mauthenga pa intaneti, kaya ndi zolemba ndi kuwerenga mafayilo, ndikupempheni mundimvere ine wopusa amene ndinaona. Kusadikira n'kwabwino, kumachotsa mzere pa benchi, koma ntchito imene mwaisiya kumbuyo imakhala ikadali yanu mpaka itakuyankhani. Musauze munthu kuti zatheka chifukwa chakuti zayamba. Ntchito iliyonse muziipatsa chitini chake, ndipo musakhuthule cha munthu musanaone ufa. Musayese pulogalamu yanu Lamlungu lokha zinthu zili phee, muyeseni pa tsiku limene layini ikukana ndipo anthu apanikizana. Mukalandira uthenga wodabwitsa, musathamangire kuseka, yambani mwafunsa kuti wachokera kuti. Ndipo ngati chinthucho n'cha moyo wa munthu, bambo wanu akanena kuti tiyeni kumene amapereka kapepala, dzichepetseni mupite.

Ba Mubita atamva nkhani yonse, atate atamwalira kale, anavutika mtima ngati olakwa ndi iwo. Tsiku lina anabwera kunyumba atavula chipewa, n'kupatsa Tisi kamvuu kakang'ono ka mtengo wa mukwa, akuti alibe china chopepesera. Tisi analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Iwo atangopita, Tisi anandipatsa ine kamvuuko, n'kunena kuti m'nyumba mwa amayi kasakhale.

Kali pano pamene ndikulemba izi, pamwamba pa kompyuta yanga. Ndikafuna kudina kuti chinthu chipite, ndimayamba ndakayang'ana. Tisi ndimamuona pafupifupi mlungu uliwonse ndikapita kumsika. Amandilonjera bwino, amandiwonjezera tomato wa basela, ndipo nkhani ija sanaitchulenso. Koma chiyambire tsiku lija kuseri kwa nyumba, ndikamuuza chilichonse, ngakhale zoti minibasi yafika, amayamba wadzuka kukaona yekha.